Nsapato za nude ndi mbiri ya mawu ovula anthu

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha msuweni wanga ankakwatiwa, ndipo ine ndinali mmodzi mwa operekeza mkwatibwi. Mukudziwa mmene zimakhalira: gulu la WhatsApp, mauthenga osatha, ndi munthu mmodzi wodzisankha yekha kukhala bwana wa zovala. Tsiku lina bwanayo analemba kuti, "Madiresi obiriwira, nsapato za nude, chonde tisasiyane." Usiku womwewo azakhali anga, amene anaikidwa m'gulumo chifukwa ndiwo ankasunga ndalama, anandiimbira foni.

"Iwe unapita ku yunivesite, tandiuza, nude ndi mtundu wanji?"

"Azakhali, liwulo palokha limatanthauza maliseche."

Kunali zii kwa kanthawi. "Nsapato zamaliseche? Pa ukwati wa m'tchalitchi?"

Ndinaseka, kenako ndinawafotokozera kuti ndi mtundu wofanana ndi khungu, woti munthu akakuonera patali aziona ngati sunavale kanthu kuphaziko. Ndinawatumizira chithunzi cha nsapato zimene ankanenazo, zooneka ngati tiyi wochuluka mkaka. Anayankha ndi mawu atatu basi: "Khungu la ndani?"

Digiri yanga sinandithandize usiku umenewo. Funso lija linandilowetsa m'madikishonale kwa masabata angapo, ndipo zimene ndinapezamo ndi zimene ndikufuna ndikugawireni. Chingerezi chili ndi mawu ambiri onena za chinthu chosaphimbidwa kapena chopanda zokometsera: naked, nude, bare, bald, stark, plain, minimal. Kusukulu anatiphunzitsa ngati kuti ndi ofanana, ungosankha lokusangalatsa. Mbiri yawo ikunena zina. Thupi limakhala lomwelo, chipinda chimakhala chomwecho, koma liwu limasintha malinga ndi amene akuyang'ana komanso mphamvu zimene ali nazo pa woyang'anidwayo.

Tiyambe ndi naked, lomwe ndi mwini mudzi. Linalipo kale m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo nthawi imeneyo ankalilemba kuti nacod. Abale ake alipo mpaka lero: Ajeremani amati nackt, Adatchi amati naakt. Akatswiri a zinenero amalilondola mpaka ku chinenero chimodzi chakalekale chimene chinabala zinenero zambiri za ku Ulaya ndi kumpoto kwa India. Muzu womwewo unapatsa Chisansikiriti liwu lakuti nagna, Chigiriki gymnos, ndi Chilatini nudus, komwe kunachokera nude. Ndiye kuti naked ndi nude ndi ana a mbumba imodzi. Kungoti wina anatsala kumudzi n'kumalima, mnzake anakaphunzira ku Rome n'kubwera atamanga tayi. (Inu okonda ku gym, dziwani kuti dzina la malo anuwo likuchokera ku gymnos, chifukwa anyamata achigiriki ankachita masewera ali mbulanda. Zothina zanuzo n'zaulemu kwambiri poyerekeza.)

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kale naked sankatanthauza chibadwire nthawi zonse. Msilikali wopanda zovala zachitsulo zankhondo ankatchedwa naked ngakhale atavala malaya ndi buluku. Chakumapeto kwa sewero la Othello, Shakespeare amamuyankhulitsa mkulu wa asilikali uja kudzitcha naked pofuna kunena kuti alibe chida m'manja. M'Baibulo la King James la 1611, pa Yohane 21, Petulo ali m'ngalawa akutchulidwa ndi liwu lomweli, ndipo omasulira ambiri a masiku ano amamva kuti anangovula chovala chapamwamba kuti agwire bwino ntchito, monga amachitira asodzi a ku Nkhotakota. Ndiye muyeso wa naked sunali khungu ayi. Muyeso unali chinthu chimene anthu akuyembekezera kuti ukhale nacho, koma ulibe. N'chifukwa chake lupanga losololedwa m'chimake ndi naked sword, lawi lopanda galasi ndi naked flame, diso lopanda makina oonera ndi naked eye. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Nanga stark naked, mawu amene timawakonda tikamakometsa nkhani? Poyamba sanali stark. M'zaka za m'ma 1200 ankati start naked, ndipo start ameneyu ankatanthauza mchira. Liwulo linatsalira m'dzina la kambalame kofiira mchira kotchedwa redstart. Munthu wa start naked anali wovula mpaka kumchira, kunena kwathu kuno tingati matako pamtunda. Anthu ataiwala tanthauzo la start anaikapo stark, liwu lotanthauza cholimba kapena chouma gwa, chifukwa linkamveka mofanana. Mchira unasowa, ulemu unapezeka mwangozi.

Nude analowa m'Chingerezi mochedwa, ndipo sanalowere kuchipinda kapena kubafa. Analowera kukhoti. Maloya a zaka za m'ma 1500 ankati nude contract pomasulira Chilatini chakuti nudum pactum, kutanthauza lonjezo lopanda chikole chilichonse, limene khoti silingakakamize munthu kulisunga. Mnzanga wina amene anaphunzira zamalamulo ku Zomba akuti mawu achilatiniwa amawalowezabe m'phunziro la mapangano. Ndiye amalume anu aja anakulonjezani laputopu mukakhoza mayeso, n'kusiya kuyankha foni, anakupatsani lonjezo lamaliseche. Kukhoti musavutike kupitako.

M'zaka za m'ma 1700 mpamene liwuli linasamukira kwa ojambula ndi osema ziboliboli. Ana a anthu olemera a ku England ankapita ku Italy kukaona zaluso, n'kubwerako ndi zithunzi ndi ziboliboli za anthu osavala. Panafunika liwu loti munthu waulemu wake azitha kulitchula pabalaza popanda alendo kutsamwa ndi tiyi. Naked linali ndi fungo la thukuta, la umphawi, la Adamu ndi Hava atachimwa. Nude linkanunkhira Chilatini. Izi si zachilendo m'Chingerezi. Kuchokera pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England mu 1066, mawu ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini akhala akudyera pa tebulo lapamwamba, a eni nthaka akudyera kukhitchini. Ng'ombe ikakhala kubusa ndi cow, ikafika m'mbale ya bwana ndi beef.

Komabe liwu silinathetse manyazi onse. Mu 1857 Mfumukazi Victoria inalandira mphatso ya chiboliboli chotengera David wa Michelangelo, ndipo chinakaikidwa m'nyumba ya zakale ya ku South Kensington, imene lero ndi Victoria and Albert Museum. Amati mfumukaziyo itachiona inadzidzimuka. Chimene chili chotsimikizika n'chakuti anaumba tsamba la mkuyu lalitali pafupifupi theka la mita, lokoleka pa tizitsulo tiwiri, loti azimuphimba nalo David kukamabwera alendo achifumu. Tsambalo lilipo mpaka lero, amalisunga pamalo pomwepo. David anali nude masiku ena onse, koma tsiku la alendo ankasanduka naked.

Amene anakhazikitsa kusiyana kumeneku m'mitu ya ophunzira ndi Kenneth Clark, m'buku lake la 1956 lotchedwa The Nude. Iye anati naked ndi munthu wolandidwa zovala, wochita manyazi, wodzikunga ndi manja, pamene nude ndi thupi lodzidalira limene luso laliumbanso. Mu 1972 John Berger, mu pulogalamu ya pa BBC ndi buku lake Ways of Seeing, anaitembenuza nkhaniyo. Kwa iye naked ndiye munthu ali yekha monga alili, pamene nude ndi thupi loikidwa pa chionetsero kuti wina adyetse maso, ndipo m'zithunzi zambiri za ku Ulaya woonetsedwayo ndi mkazi, woonerera ndi mwamuna amene analipira wojambula. Ine ndili kumbali ya Berger, ngakhale kuti Clark amalemba mokoma kwambiri moti umatsala pang'ono kumukhululukira. Chimene onse awiri akuvomerezana mosadziwa n'chakuti thupi lenilenilo silisankha liwu. Amasankha ndi amene waima kutsogolo kwake.

Mukafuna kuona liwu likugwira ntchito ngati chikoti, pitani ku Febuluwale 1931. Gandhi ankakambirana ndi Lord Irwin, bwanamkubwa woimira mfumu ya Britain ku India, ndipo Winston Churchill zinamunyansa. Polankhula ku msonkhano wa chipani chake anadandaula kuti loya ameneyu akukwera masitepe a nyumba ya bwanamkubwa ali half-naked, kukakambirana ngati wofanana ndi nthumwi ya mfumu. Churchill ankadziwa bwino kuti Gandhi anaphunzira zamalamulo ku London ndipo anavalapo masuti kwa zaka zambiri, ku South Africa komwe. Kansalu ka m'chiuno anakasankha dala mu 1921 ali ku Madurai, kuti afanane ndi amphawi amene sakanatha kugula nsalu yokwanira, pa nthawi imene ankauza anthu kuti asiye nsalu zochokera ku mafakitale a ku England. Chinali chovala chandale, choganiziridwa bwino kuposa suti iliyonse. Churchill anachitcha theka la maliseche chifukwa muyeso wake unali suti. Chakumapeto kwa 1931 Gandhi anakamwa tiyi ku Buckingham Palace kwa Mfumu George V atavala chimodzimodzi, ndipo amati atafunsidwa ngati sanachepetse zovala, anayankha kuti mfumuyo inavala zokwanira anthu awiri.

Apa mpamene nkhaniyi inandifika pakhomo. Mukawerenga mabuku a azungu oyendayenda ndi amishoni a zaka za m'ma 1800, liwu la naked limabwera kawirikawiri pofotokoza anthu a kuno ku Africa, ndipo nthawi zambiri chiganizo chotsatira chimafotokoza zimene anthu "amalisechewo" anavala: zikopa, nsalu ya makungwa, mikanda, zibangili. Agogo anga aakazi ankatisimbira za nyanda, mmene ankasendera khungwa la mtengo, kulinyika, kulisula mpaka lifewe. Ankati amayi awo sakanayerekeza kutuluka m'nyumba opanda mikanda m'chiuno, chifukwa kutero kunali kuyenda maliseche. Ndiye mayi ameneyo, m'maso mwake ndi mwa mudzi wonse, anali atavala mokwanira. M'buku la mlendo anali naked, mwa muyeso uja wa msilikali wopanda chitsulo: analibe chimene wolembayo ankayembekezera. Ndipo munthu ukamulemba kuti ndi wamaliseche, wadzipatsa kale ntchito yomuveka, pamodzi ndi ufulu womulamula kavalidwe. Ntchitoyo sinathe ndi atsamunda. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linagwira ntchito mpaka nyengo imene ndale za zipani zambiri zinkabwerera.

Chichewa pa nkhaniyi chili ndi chinthu chimene ndimachinyadira. Tili ndi maliseche, tili ndi mbulanda, tili ndi chibadwire, koma tilinso ndi usiwa. Usiwa si kuonetsa thupi ayi, ndi kusowa chovala chifukwa cha umphawi. Wausiwa sitimuseka, timamupatsa nsalu. Chingerezi chimaunjika zonsezi mu naked, moti wosauka, wochimwa, wamisala ndi mlendo wa chikhalidwe china onse amalowa m'thumba limodzi.

Bare ndi bald sindikhalitsapo. Bare nalonso ndi liwu lakale la eni nthaka, koma lilibe manyazi ambiri. Limakonda ziwalo ndi zinthu: phazi lopanda nsapato, manja opanda chida, khoma lopanda chithunzi, kabati yopanda chakudya. Barely, kutanthauza movutikira kapena pang'onong'ono, anachokera pomwepo, ngati mmene malipiro amafikira pa 20. Threadbare ndi nsalu yoperepeseka mpaka ulusi kuonekera, ija timaidutsa pa kaunjika ngakhale atatsitsa mtengo. M'bale wake wa ku Germany, bar, anakafika mpaka ku ndalama: Bargeld ndi ndalama ya pamanja, yoonekera, yosabisala m'malonjezo. Bald timalidziwa ngati dazi, koma chiwombankhanga cha ku America chotchedwa bald eagle chili ndi nthenga mutu wonse. Kungoti mutuwo ndi woyera, ndipo dzinalo likusunga tanthauzo lakale la banga loyera. Matayala a minibasi zina za mu Limbe, amenewo ndiye ndi bald m'tanthauzo la lero.

Plain ndiye anandigwira mtima. Tonse timalidziwa pa chiwaya: chipisi cha plain, chopanda dzira, chopanda nyama, cha masiku ovuta. Linabwera kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1300, kuchokera ku Chilatini planus, malo athyathyathya. Pachidikha palibe chobisika, umaona kutali, ndiye liwulo linayamba kutanthauza chomveka, chosapsatira, kenako chopanda zokongoletsa. M'zaka za m'ma 1650 gulu lachipembedzo la a Quaker, lotsogoleredwa ndi George Fox, linalitenga liwuli n'kulisandutsa moyo wawo: zovala za plain, kulankhula kwa plain. Kulankhulako ndiye kumene ife Achewa tingakumvetse kuposa Mngerezi wa lero. Nthawi imeneyo Chingerezi chinali ndi thou ndi you, ndendende iwe ndi inu. Thou anali wa mwana, wantchito ndi mnzako wapamtima. You anali wa anthu ambiri kapena munthu mmodzi wolemekezeka. A Quaker anati pamaso pa Mulungu palibe munthu mmodzi amene ali awiri, ndiye aliyense ankamuti thou, kaya ndi woweruza, kaya ndi bambo awo owabereka, ndipo chipewa sankavulira munthu. Tangoganizani kufika pabwalo la a Gogo Chalo n'kunena kuti, "Iwe, wadzuka bwanji?" Ankamenyedwa, kuthamangitsidwa pakhomo ndi kutsekeredwa m'ndende chifukwa cha zimenezi. Chodabwitsa n'chakuti Chingerezi chinadzafika pa kufanana komwe iwo ankafuna, koma podzera njira ina: thou anafa, ndipo lero Mngerezi amati inu kwa aliyense, ngakhale kwa galu wake.

Plain ameneyu, wa chilungamo, alipobe. Mu 1979 mayi wina wa ku Liverpool, Chrissie Maher, amene anadziwa kuwerenga atakula kale, anakang'amba mulu wa mafomu a boma pa Parliament Square ku London poyambitsa Plain English Campaign, chifukwa anthu osauka ankalephera kupeza thandizo lawo kaamba ka Chingerezi chopotana. Aliyense amene anayesapo kuwerengera kholo lake fomu ya ngongole akudziwa chimene mayiyu ankalimbana nacho. Koma liwu lomweli likagwera pa mkazi limasintha nkhope. Mwamuna wa plain speech ndi wachilungamo. Mkazi wa plain ndi wosakongola, mwaulemu wake. Chimene chili ukoma pakamwa pa bambo chasanduka chilema pankhope ya mayi.

Wamng'ono pa onse ndi minimal, wochokera ku Chilatini minimus, chochepetsetsa. Anatchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi aluso a ku New York monga Donald Judd, amene ankapanga mabokosi achitsulo osalala n'kuwandanditsa pakhoma. Lero ndi dzina la moyo wa anthu otopa ndi katundu. Nditangoyamba ntchito ndinkakhala m'kachipinda ka lendi momwe munali matiresi pansi, mbaula, ndowa ndi msomali wokolekapo zovala. Mnzanga atabwera anati chipindacho chili bare. Usiku womwewo ndinaona pa Instagram chipinda cha munthu wina ku Copenhagen: matiresi pansi, khoma loyera, duwa limodzi m'botolo. Pansi pake analemba kuti minimalist. Kusiyana kwa ine ndi iye kunali kwakuti iye akanatha kugula bedi.

Tibwerere ku nsapato zija. Nude atakhazikika ngati liwu laulemu, ogulitsa masokosi aatali, zovala zamkati ndi zodzoladzola a ku Ulaya ndi America analitenga kukhala dzina la mtundu, ndipo mtunduwo unali wa khungu la makasitomala amene iwo ankawawerengera. Sanali okha. Kampani ya makirayoni ya Crayola inali ndi kirayoni yotchedwa flesh, kutanthauza mnofu, mpaka 1962 pamene inaisintha dzina kukhala peach. Mu Novembala 2009 Michelle Obama anavala diresi lotuwirako pa phwando lolandira nduna yaikulu ya India, Manmohan Singh, ndipo bungwe lina lofalitsa nkhani linalemba kuti diresilo linali la mtundu wa mnofu, chikhalirecho mnofu wa mwini diresiyo unkaonekera pa chithunzi chomwecho. Mu 2013 Christian Louboutin anatulutsa nsapato za nude za mitundu ingapo ya khungu. Mu 2014 Ade Hassan anayambitsa Nubian Skin ku London, yogulitsa zamkati za nude za akazi akuda. Dikishonale ya Merriam-Webster inali ikunenabe kuti nude ndi mtundu wa khungu la mzungu mpaka 2015, pamene inasintha tanthauzolo wophunzira wina wa ku koleji atayambitsa dandaulo pa intaneti. Funso la azakhali lija linatenga zaka zonsezi kuti lifike kwa olemba dikishonale.

Ndipo pafoni zathuzi liwuli lapezanso ntchito ina. Timati "ma nudes", ndipo limamveka lopepuka, lachizungu, ngati palibe chimene chingalakwike. Palibe amene amalemba kuti "nditumizire zamaliseche", chifukwa Chichewacho chingamudzutse wotumizayo. Koma chithunzicho chikangotuluka m'foni imodzi n'kuyamba kuzungulira m'magulu, Chilatini chija chimathawa. Mtsikanayo amakhala naked m'tanthauzo lenileni la Clark, wolandidwa, ndipo amene anamulanda satchulidwa n'komwe. Zimandikumbutsa Januwale 2012, pamene amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Mzuzu ndi anthu amene ankati amayiwo akuyenda maliseche. Anayamba ndi liwu, manja anabwera pambuyo.

Za ukwati zija zinatha chonchi. Ndinazungulira masitolo a mu Limbe tsiku lonse Loweruka, ndipo paliponse ndikati nude ankanditulutsira tiyi wa mkaka yemwe uja. Madzulo, pa kaunjika, ndinapeza nsapato zofiirira ngati chikonyo cha fodya wouma, ndipo nditaziyesa phazi ndi nsapato zinangokhala chinthu chimodzi. Ndinagula. Bwana wa zovala atandiona m'mawa wa ukwati anakwinya nkhope n'kunena kuti tinagwirizana nude, osati brown. Ndisanatsegule pakamwa, azakhali, amene ankamanga duku pagalasi, anatembenuka, anayang'ana mapazi anga, kenako a atsikana ena asanu aja.

"Musiyeni mwanayu," anatero. "Pa nonsenu ndi yekhayu amene wabwera wopanda nsapato."